Kalata imene idaotchetsa makina ku Balaka

Munthu wodutsa pa Balaka ulendo wa ku Liwonde kapena ku Zomba sangaganize kuti tauni yafumbiyi idagwedezapo mpando wa Ngwazi Dr Hastings Kamuzu Banda. Komatu zidachitika, ndipo oyambitsa ake sadali andale ayi. Adali anthu a Mulungu amene adatopa ndi kusekerera zinthu zikuonongeka.

Mchaka cha 1992, Balaka idali ikadali mbali ya boma la Machinga, pakuti idadzakhala boma palokha mu 1998. Kumeneko ansembe a chipani cha Montfort adali ndi nyumba yosindikizira mabuku, yomwe ankayang'anira ndi Bambo Piergiorgio Gamba a ku Italy. M'nyumba imeneyi ndi momwe mudasindikizidwa mwakachetechete kalata ya maepiskopi a Katolika ya m'nyengo ya Lenti, yotchedwa Living Our Faith. Makope 16,000, ambiri mwa iwo a m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, adatuluka ndi kukafika m'maparishi mdziko lonse apolisi osanunkhiza kanthu.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkofunika kukumbukira momwe mipingo inkakhalira ndi boma masiku amenewo. Kwa zaka pafupifupi 30, ntchito ya atsogoleri ambiri a mipingo pamisonkhano ya boma idali kutsegula ndi pemphero, kuthokoza chifukwa cha bata ndi mtendere, basi nkukhala pansi. Anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, amayi ankabwezedwa pakhomo la msika kaamba kosowa khadi la chipani, koma paguwa padali zii. Wina sangawadzudzule kwambiri abusawo, poti mantha adali enieni ndipo makutu a boma adali paliponse, ngakhale m'kwaya momwe. Komabe chete ameneyu ankasangalatsa anthu, osati Mwini mpingo.

Lamulungu pa 8 Malichi 1992, chetecho chidatha. Ansembe adaimirira m'matchalitchi nkuwerenga zimene aliyense ankazidziwa koma osazitchula: malipiro ochepa a antchito, mitengo yozizira ya mbewu za alimi, kuthithikana kwa ana m'makalasi, kuchepa kwa madotolo m'zipatala, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka pakamwa aliyense woganiza mosiyana. Mwa osainira padali Akiepiskopi James Chiona a ku Blantyre, Episkopi Allan Chamgwera a ku Zomba ndi Episkopi Alessandro Assolari a dayosizi ya Mangochi, komwe Balaka ili.

Malipiro ake sadachedwe. Patangotha masiku awiri, maepiskopiwo adaitanidwa kupolisi ku Blantyre komwe adapanikizidwa ndi mafunso kwa maola ambiri. Boma lidalengeza kuti kalatayo njoukira ndipo wopezeka nayo amangidwa. Pamsonkhano wadzidzidzi wa chipani cha MCP ku Lilongwe, akuluakulu ena adafika pokamba zopha maepiskopiwo, mawu omwe adajambulidwa pa tepi nkudzamveka kunja. Ku Balaka, achiwembu adayatsa moto nyumba yosindikizira ija. Ndipo pa Lachisanu Loyera, Monsinyo John Roche a ku Ireland, omwe ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, adapitikitsidwa mdziko muno.

Apa mpomwe padagona nkhani. Njira yofewa idalipo: kupepesa, kunena kuti anthu sadamvetse, nkubwerera kumipando ya patsogolo pa zochitika za boma. Ubale wawo ndi akuluakulu ukadabwerera mwakale. Koma kalatayo sadaibweze. Adasankha mbali imene mtumwi Paulo adaima polembera Agalatiya, pomwe adawauza kuti wofunafuna kukondweretsa anthu sangakhalenso kapolo wa Khristu. Petulo ndi anzake adayankhanso chimodzimodzi pamaso pa bwalo lalikulu la Ayuda atawaletsa kulalika.

Chodabwitsa nchakuti anthu omwe maepiskopiwo sadafune kuwanyengerera ndi omwe adawatsatira. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba adaguba mumsewu kugwirizana ndi kalatayo. Pa 6 Epulo, Chakufwa Chihana adatsika ndege ku Lilongwe nkumangidwa nthawi yomweyo. Masinodi a CCAP a Blantyre ndi Livingstonia, Aanglikani ndi Asilamu adalowa m'bwalo, ndipo chisadathe chaka padabadwa bungwe la Public Affairs Committee. Sinodi ya Nkhoma, panthawiyo, idakhalira kumbali.

Pa 14 Juni 1993, anthu oposa 60 mwa 100 alionse amene adaponya voti pa riferendamu adasankha nyali, chizindikiro cha matipate. Chaka chotsatira, pa 17 Meyi, Bakili Muluzi, mwana wa ku Kapoloma m'boma la Machinga lomwelo, adapambana chisankho cha pulezidenti.

Nawo makina a ku Balaka sadafere m'phulusa. Adadzukanso, ndipo mu 1995 adayamba kutulutsa magazini yomwe dzina lake ndi nyali yomweyo, The Lamp.