Intaneti ili ngati mjigo wa m'mudzi

Ikangokwana 7 koloko madzulo, intaneti ya kunyumba kwathu imayamba kukwawa. Mwana akufuna kutsitsa ntchito ya kusukulu, ine ndikufuna kutumiza zolemba zanga, koma kachizindikiro kaja kamangozungulira pa foni. Bandulo ilipo, timizere ta netiweki tadzaza, koma chithunzi chimodzi chokha osatseguka. Zimandiwawa, chifukwa ndalama ya banduloyo ndi imene ikanagula ndiwo.

Kuti mumvetse chimene chimachitika, ganizirani za mjigo. Nsanja ya netiweki imene ili m'dera lanu imatumikira aliyense wozungulira. Masana dzuwa lili paliwombo, pamjigo pamakhala pululu: mukafika mumangotchera ndowa n'kupopa. Madzulo anthu aweruka, ndowa ndi zigubu zandanda mpaka kumsewu. Mjigowo sunawonongeke ayi. Madzi amene ukutulutsa ndi omwe aja, koma ogawana achuluka. Timizere ta pa foni timangokuuzani kuti muli pafupi ndi mjigo, koma za kutalika kwa mzere sitidziwa. Bandulo nayo ili ngati ndalama ya pamwezi imene mumapereka ku komiti ya mjigo. Imakupatsani ufulu wotunga, koma sikudumphitsani mzere. Ndipo woonera filimu amabwera ndi mgolo, pamene inu wa uthenga umodzi mwangonyamula kapu.

Nanga madziwo amachokera kuti? Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu yambiri imadzera m'mayiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique. Kumeneko imalumikizana ndi zingwe zoyalidwa pansi pa nyanja, zomwe m'kati mwake muli tiulusi ta galasi topyapyala ngati tsitsi. Pa 12 May 2024, zingwe ziwiri zotchedwa EASSy ndi Seacom zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa. Intaneti inavuta ku Tanzania, Kenya, Uganda, Mozambique ndi kuno komwe. Kukonza kwake sikofulumira: pamafunika sitima yapadera yoti ikavuule chingwecho pansi pa nyanja n'kuchilumikiza.

Kwa nthawi yaitali ndakhala ndikufuna kulemba nkhani yopeka ya kutha kwa dziko, ndipo masiku amenewo ndi amene anandionetsa poyambira. Mafilimu akunja amakonda moto wogwa kumwamba ndi mitembo yoyenda. Ine zimenezo sizindiopsa. Chimene chimandiopsa ndi mjigo wouma mwakachetechete, anthu n'kumapopabe poganiza kuti madzi abwera posachedwa.

Zoti wolemba atengereko zilipo, ndipo zinachitikadi. Mu January 2022, phiri la pansi pa nyanja linaphulika ku Tonga n'kudula chingwe chokhacho chimene chinkalumikiza dzikolo ndi mayiko ena. Panapita pafupifupi masabata asanu chisanakonzedwe, m'dziko limene mabanja ambiri amadalira ndalama zochokera kwa abale awo akunja. M'chaka cha 1859, mphamvu yochokera ku dzuwa inasokoneza mawaya a telegalafu ku Ulaya ndi ku America, moti ena ogwira ntchito pa makinawo anagwidwa ndi magetsi. Kuno kwathu, mu January 2022 momwemo, namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo tonse tikukumbukira mmene magetsi anazimirazimira. Nsanja ya netiweki imafuna magetsi, akazima imadalira mabatire kapena jenereta, ndipo jenereta imamwa dizilo wobwera pa msewu kuchokera kumadoko.

Nkhani yanga iyambira pamenepo. Sindidzafotokoza chimene chagwetsa mayiko akutali, chifukwa anthu a m'nkhaniyo sadzachidziwa. Padzakhala mayi wokalamba amene mwana wake ali ku Johannesburg ndipo amamutumizira ndalama mwezi uliwonse. Padzakhala mnyamata wa kakiyosiki kotumizira ndalama pafoni, amene anthu amuzungulira kufuna ndalama zawo zomwe zatsekeredwa m'mafoni, iye ali ndi kope lokha ndi cholembera. Sabata yoyamba anthu akungodandaula monga ndimadandaulira ine madzulo aliwonse. Sabata yachitatu wa golosale wasiya kukongoza, minibasi zaima, ndipo amene ali ndi njinga yakapalasa ndiye wasanduka mtolankhani wa dera lonse. Ofesi zikatsekedwa, amene akusunga spanala ya mjigo weniweni ndiye amakhala ndi mawu kuposa mfumu, ndipo ndikufuna kuona ngati munthu ameneyo adzakhalabe wachifundo.

Mutu woyamba ndaulemba kale m'kope. Ukutha ndi mayi uja atakwera pachulu kuseri kwa nyumba, pamene netiweki inkagwira bwino kale, atakweza foni m'mwamba, batire itatsala pang'ono kutha.