Kodi mumadziwa? Intaneti imayendanso pa nsanja za magetsi

Mukamadutsa pa Phalula mumsewu wa M1, mumaona nsanja za magetsi zolowera ku siteshoni ya ESCOM ya Phombeya. Pa mizere ikuluikulu yotere, waya wapamwamba penipeni sanyamula magetsi. Ntchito yake n'kutchinga mphenzi, koma mkati mwake amathanso kuikamo timaulusi tagalasi (fibre) totumiza mauthenga pogwiritsa ntchito kuwala. Fibre ya boma imene Huawei inamaliza gawo lake loyamba mu 2018 inadutsanso pa nsanja ndi mapolo a ESCOM.

Ulusiwo ukafika pa router umalowa m'kachipangizo kotalika ngati chala, kotchedwa SFP. Kawamba kamatumiza 1 Gbps, pomwe SFP+ imafika 10 Gbps. Poyerekeza, chingwe chakale cha matelefoni chotchedwa E1 chinkathera pa 2 Mbps, yokwanira anthu 30 okha kuimba foni nthawi imodzi.