Ndani anaposa anzake pa zoimba? Mkangano wa pa Songani

Lachisanu madzulo ukakhala pa Songani, m'mbali mwa msewu wa M3, umaona magalimoto onyamula masipika akuthamangira ku Liwonde ndi ku Mangochi. Oimba amangotidutsa, akaima ndiye kuti akufuna nthochi. Tsiku lina pa bawo tinayamba kukangana kuti pa mabandi onse amene tawaonapo kapena kuwamva, ndani anaposa anzake, ndipo anawaposa pa chiyani.

Pa nyimbo zofika kutali sitinachedwe, chifukwa nkhaniyo ndi ya pakhomo pathu. Mu 2013 Ian Brennan wa ku America ndi mkazi wake Marilena Delli analowa m'ndende yaikulu ya Zomba n'kujambula akaidi, amuna ndi akazi omwe. Chimbale chawo, I Have No Everything Here, chinatuluka mu 2015 ndipo chinalowa pampikisano wa Grammy wa 2016, koyamba kuti chimbale cha ku Malawi chifike pamenepo. Mphoto anatenga Angélique Kidjo wa ku Benin. Tangoganizani: dzina likutchulidwa ku Los Angeles, eni mawu ali mkati mwa mpanda, ulendo waufupi wa minibasi kuchokera pano. Imeneyi ndiyenso bandi yovuta kuionera kuposa zonse, pakuti tikiti yake palibe amene amaifuna.

Pa ukulu wa zaka, chipewa chinavulidwira agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Anaimba m'mabala ndi m'misika zaka zankhaninkhani, koma dziko lonse linawadziwa atapitirira zaka 90, pamene nyimbo yawo ya Linny Hoo, imene anaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok. Ana amene anaivinira pafoni ankayesa ndi nyimbo yatsopano.

Bandi yokhalitsa ndi Alleluya ya ku Balaka, yomwe inayamba mu 1978 pa mishoni ya Katolika, motsogozedwa ndi Paul Banda. Mng'ono wake Lucius anakulira momwemo asanakhazikitse bandi ya Zembani, ndipo anatisiya pa 30 June 2024.

Apa m'pamene mkangano unakula. Wina anati osatopa kuposa onse ndi Black Missionaries a kwa Chileka, ndipo ine ndinavomera. Mtsogoleri wawo Evison Matafale anamwalira mu 2001, womulowa m'malo Musamude Fumulani mu 2007, anthu n'kumati basi zathera pomwepo. Koma zimbale zawo za Kuimba zinapitirira mpaka kudutsa 10, ndipo Ma Blacks amaimbabe sabata ndi sabata, m'tauni ndi m'matireding'i omwe. Amene anawaonapo akudziwa kuti phwando lenileni limayamba pakati pa usiku, ndipo nsapato zimabwerera kunyumba zitasanduka zofiira ndi fumbi.

Alendo ochokera kutali ndi amagitala a ku England amene kwawo amawatcha a indie, kutanthauza oyamba paokha opanda kampani yaikulu. The Maccabees anaimba pa chikondwerero cha Lake of Stars mu 2009, Foals mu 2011, konse ku Nkopola. Okaonera ochokera ku Blantyre anadutsa pompano, ife tikuwagulitsa tomato. Mtengo wa tikiti unatiuza kuti tikhale. Ndiye chikho cha khomo lotsika mtengo chikupita ku chikondwerero cha Tumaini cha ku Dzaleka, chimene Menes La Plume anayambitsa mu 2014: kumeneko ulowa ulele.

Koma ngati indie n'kudziimira pawekha, azunguwo achepa. Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu cha ku Balaka, akuimba ndi magitala odzipangira, ndipo Brennan yemwe uja atawamva anatulutsa chimbale chawo He Is #1 mu 2012. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ali ndi babatoni ya pafupifupi mamita 3, ya waya mmodzi, imene amaimenya ndi kamtengo n'kumasintha mawu ndi botolo, phazi likugunda ng'oma. Chida chachitali chotere pasiteji sindinachionepo. Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, ankaimba m'misewu ya Lilongwe anthu akuwaponyera makobili. Mu 2017 anaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo chichokereni apo Ulaya akhala akumuzungulira ngati kudimba. Anthu awiri okha, phokoso ngati la anthu 6.

Amene anapambana pa bawo tsikulo sindikumukumbukira. Koma inu a pa Songani, a ku Domasi ndi a ku Malosa, mukamva banjo ya chigubu ikulira kuseli kwa ogulitsa usipa, imani kaye. Mvetserani nyimbo yonse, funsani anyamatawo dzina, ndipo musachoke osaponya kenakake m'chipewa.