THUPI LAFIKA KU JAPAN, TULO TATSALA KUMUDZI

Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Joni akudziwa m'mene miyendo imakhalira potsika. Mapazi atupa, nsapato zathina, msana ukuchita ngati wa nkhalamba, ndipo ngakhale akuyalireni pabwino, tulo take sitikhala tokoma. Tsono taganizani, abale ndi alongo, kuti munthu amene watsika ali chotereyo akumuuza kuti pakangotha masiku ochepa athamange makilomita oposa khumi m'nkhalango imene sanaipondepo chibadwire, mapu ali m'manja, ndipo akangosokera kwa mphindi imodzi ndiye kuti thukuta la chaka chonse lapita pachabe. Umenewu ndiwo moyo wa akatswiri a masewera otchedwa orienteering akamapita kukapikisana kutsidya la nyanja.

Masewerawa kuno kwathu sitiwadziwa kwenikweni, kotero tiyambe tawafotokoza. Anayambira kwa asilikali a ku Sweden ndi Norway, amene ankaphunzitsidwa kudutsa m'tchire lachilendo ndi mapu ndi kampasi basi. Mpikisano woyamba wa anthu wamba unachitikira ku Norway m'chaka cha 1897. Bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse linakhazikitsidwa mu 1961, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Finland mu 1966. Ku Sweden kuli mpikisano wa masiku asanu wotchedwa O-Ringen umene umasonkhanitsa anthu oposa 10,000, agogo, makolo ndi ana omwe, banja lonse kugona m'matenti.

Kachitidwe kake n'kotere. Wopikisana aliyense amanyamuka payekha, ndipo mapu amawalandira pa nthawi yonyamukayo. Pamapupo pamakhala timizere tozungulira tosonyeza malo amene abisapo mbendera zoyera ndi zaolenji, kaya kuseri kwa mwala, m'kachigwa, kapena pomwe timitsinje tiwiri takumana. Iye ayenera kuzipeza zonse motsata ndondomeko yake. Akaphonya imodzi, mpikisano wonse wamuthera pomwepo. Njira amasankha yekha: kukwera phiri molunjika kapena kulizungulira, kubowola zitsamba kapena kutsata kanjira kotalikirapo. Zonsezi amaziganiza akuthamanga, mtima ukugunda ngati ng'oma. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo palibe masewera ena amene mwambiwu umawayenera kuposa awa.

Kwa zaka pafupifupi makumi awiri mipikisano ya dziko lonse inkachitikira ku Ulaya kokha. Mu 1985 inapita ku Bendigo m'dziko la Australia, mu 1993 ku America, ndipo mu Ogasiti 2005 inakachitikira m'chigawo cha Aichi ku Japan. Ulendo wa ku Japanwu ndiwo tiuonetsetse, chifukwa m'nyengo yawo yotentha wotchi ya ku Switzerland, France ndi Sweden imafanana ndendende ndi yathu ya kuno ku Malawi. Ku Japan amakhala ali patsogolo ndi maola 7. Ife tikamadya nsima ya masana cha m'ma 12 koloko, kumeneko ndi 7 koloko madzulo.

Vuto lagona poti thupi la munthu lili ndi wotchi yakeyake. Mu ubongo, pamwamba pang'ono pa pomwe mitsempha ya maso imapingasana, muli kachigawo kakang'ono kwambiri kamene kamauza thupi nthawi yogona, yodzuka, yomva njala ndi yopita kuchimbudzi. Akatswiri atatu a ku America, a Jeffrey Hall, a Michael Rosbash ndi a Michael Young, analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa chotulukira m'mene wotchi yotereyi imayendera m'kati mwa zamoyo. Wotchi ya pamkono mumaikonza ndi zala ndege isanatere n'komwe, koma ya m'thupi ndi yamakani. Imasuntha pafupifupi ola limodzi patsiku, kotero kuti munthu wochoka ku Zurich kupita ku Nagoya amafunika sabata yathunthu kuti thupi livomereze kuti lafika. Pa masiku amenewo amadzuka pakati pa usiku maso ali gwa, masana n'kumawodzera, m'mimba osayenda bwino, mutu uli zii. Azungu vutoli amalitcha jet lag.

Kupita kum'mawa ndiko kowawa kuposa kupita kumadzulo. Chifukwa chake n'chakuti wotchi ya m'thupi mwa anthu ambiri, itasiyidwa payokha, tsiku lake limapitirira pang'ono maola 24. Thupi silivutika kutalikitsa tsiku, monga tonse tidziwira kuti kuchezera paukwati n'kosavuta, koma kuumiriza tulo dzuwa likadali m'mwamba ndi nkhani ina. Wopita kum'mawa amakhala akuuza thupi kuti ligone msanga, ndipo thupi limakana.

Apa pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Munthu angaganize kuti mankhwala ake n'kudzuka m'mamawa pa tsiku loyamba, kuvala nsapato ndi kukathamanga padzuwa. Komatu kutero kungathe kuonjezera vuto. Thupi limazizira kwambiri cha m'ma 4 kapena 5 koloko m'bandakucha wa kwawo, nthawi imene ambiri a ife timakhala tikudzukira Swala ya Fajr. Kuwala kumene kwalowa m'maso nthawi imeneyi isanakwane kumabwezera wotchi ya m'thupi m'mbuyo, pamene kuwala kolowa nthawiyi itadutsa kumaikankhira kutsogolo. Tsono 4 koloko ya ku Switzerland ndi 11 koloko m'mawa ku Japan. Wothamanga amene watuluka panja 7 koloko m'mawa ku Japan, thupi lake likuyesa kuti ndi pakati pa usiku, ndipo dzuwalo likukankhira wotchi yake kolakwika. N'chifukwa chake madotolo a zamasewera amalangiza kuti pa masiku awiri kapena atatu oyamba munthu apewe dzuwa la m'mamawa, atuluke kuyambira chakumasana, kenaka tsiku lililonse azifulumizako ndi ola limodzi. Ena amayamba akadali kwawo, kugona ndi kudzuka mofulumirako masiku angapo ulendo usanafike.

M'ndege namonso muli zake. Mpweya wa m'menemo ndi wopepuka ngati wa pamwamba pa phiri lotalika mamita 1,800 mpaka 2,400, ndiponso ndi wouma kwambiri, mwakuti kukhosi ndi m'mphuno mumauma. Choopsa chenicheni ndi kukhala malo amodzi. Munthu akamayenda, minofu ya m'katumba imafinya mitsempha ndi kukankhira magazi kumtima. Akakhala phee maola ambiri, magazi amadekha m'miyendo ndipo nthawi zina amaundana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2007 kuti chiopsezo chimenechi chimawirikiza kawiri munthu akakhala pansi maola anayi kapena kuposerapo, kaya ndi m'ndege, m'sitima, m'basi kapena m'galimoto, ngakhale kuti amene zimawachitikira ndi ochepa, pafupifupi mmodzi mwa anthu 6,000. Kukhala katswiri wa liwiro sikuteteza munthu ku zimenezi. Othamanga ochenjera amapempha mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti azidzuka pafupipafupi, amavala masokosi othina, amamwa madzi, ndipo pobwalo la ndege podikira ndege ina sakhala pabenchi koma amangoyendayenda.

Nanga zolimbitsa thupi zimene zaphonyedwa? Apa ndi pamene othamanga ambiri amadzipweteka okha. Munthu wozolowera kuthamanga tsiku ndi tsiku akaphonya masiku awiri amagwidwa ndi mantha ngati mlimi amene waona mvula yadula, ndipo akangotsika amafuna kubweza ngongole yonse tsiku limodzi. Mantha amenewa alibe maziko. Kafukufuku wa a Edward Coyle ndi anzawo ku America mu 1984 anaonetsa kuti akatswiri amene anasiyiratu zolimbitsa thupi, mphamvu ya thupi lawo yogwiritsa ntchito mpweya inatsika ndi 7 pa 100 alionse patatha masabata atatu. Masabata atatu, osati masiku atatu. Nawo a Robert Hickson, m'zaka zoyambirira za m'ma 1980, anapeza kuti anthu amene ankalimbitsa thupi masiku asanu ndi limodzi pasabata n'kutsitsa kufika pa masiku awiri okha anasungabe mphamvu zawo kwa masabata 15, malinga ngati pa masiku awiriwo ankalimbikira monga kale. Koma atachepetsa kulimbikirako, mphamvu zinayamba kutsika.

Amene akukayika akumbukire Abebe Bikila wa ku Ethiopia. Iyeyu anachitidwa opaleshoni ya m'mimba pa 16 Sepitembala 1964, ndipo pa 21 Okutobala chaka chomwecho, patangotha masabata asanu, atauluka ulendo wonse wa ku Tokyo, anapambana mpikisano wa makilomita 42 wa Olimpiki m'maola awiri, mphindi 12 ndi masekondi 11, liwiro limene panthawiyo panalibe anali atalifikapo. Sitikunena kuti wodwala azithawa m'chipatala, ayi. Tikungoti mphamvu zimene munthu wazisonkhanitsa kwa zaka sizisungunuka ngati mchere chifukwa cha masiku ochepa a paulendo.

Kotero nzeru yake ndi yakuti ntchito yolemetsa ichitike masiku awiri kapena atatu munthu asananyamuke, tsiku la ulendo liwerengedwe ngati lopuma ngakhale kuti thupi silipuma kwenikweni, ndipo akafika ayambe ndi kuthamanga pang'onopang'ono kwa theka la ola pamalo osalala. Kulowa m'miyala ndi m'mitsitsi ya mitengo uli ndi tulo m'maso ndiko kuitana kubinya bondo kapena kakolo.

Koma wa orienteering ali ndi katundu wina amene wothamanga wa pamsewu alibe. Miyendo ikhoza kuchira msanga, mutu n'kutsalira. Munthu wosagona mokwanira amachedwa kuganiza, ndipo m'masewerawa kuchedwa kuganiza ndiko kuwerenga chigwa ngati chitunda. Kuonjezera apo, lamulo limaletsa opikisana kuponda m'nkhalango ya mpikisano nthawi isanakwane, mwina kwa zaka zingapo. Chimene amachita ndi kufunafuna mapu akale a dera limenelo kapena a nkhalango zofanana nalo, n'kumawawerenga ngati mwana wokonzekera mayeso. Maola khumi ndi awiri a m'ndege amasanduka kalasi: munthu ali pampando, mapu pamwendo, chala chikuyenda, akudzifunsa kuti kuchoka apa kufika apo ndingadzere kuti. Ena amachita zomwezo pakompyuta ndi masewera otchedwa Catching Features. Chimene chimawathandiza n'chakuti zizindikiro za pamapu n'zofanana dziko lonse. Mtundu woyera ndi nkhalango yothamangika, wachikasu ndi poyera, wobiriwira ndi zitsamba zowirira, wabuluu ndi madzi, ndipo mizere yofiirira imasonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Munthu wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chijapani amawerenga mapu a ku Aichi bwinobwino.

Nthaka yokha ndiyo siifanana. Wa ku Sweden anazolowera nkhalango za paini za timiyala ndi timadambo, pamene ku Aichi anakapeza mapiri otsetsereka kwambiri, mitengo yobzalidwa, ndi chifundizi cha mwezi wa Ogasiti chimene anthu a ku Nkhotakota ndi Mangochi sangachione chachilendo koma kwa mzungu wa kumpoto ndi ng'anjo. Kuzolowera kutentha nakonso kumatenga sabata imodzi kapena awiri. Ngakhale zinali choncho, mayi Simone Niggli a ku Switzerland anatenga mamendulo onse anayi agolide a amayi pa mpikisano umenewo, monga anachitiranso kwawo mu 2003, ndipo Thierry Gueorgiou wa ku France anapambana mtunda wapakati kachitatu motsatizana.

Amene anapita ku Australia mu 1985 anali ndi vuto linanso, la kampasi. Ambiri a ife kachipangizoka timakadziwa pofuna kupeza Qibla tikakhala kuchilendo, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti kampasi nayo ili ndi kwawo. Mphamvu ya dziko imene imakoka singano ija siikoka chopingasa chokha, imakokeranso pansi. Kumpoto kwa dziko imagwetsa nsonga yoloza kumpoto, ndipo opanga makampasi amalemeretsa mbali inayo kuti singano ikhale yowongoka. Kampasi yomweyo mukapita nayo kum'mwera kwa dziko, mbali yolemeretsedwayo ndi imenenso imakokedwera pansi, singano n'kumakhula pagalasi ndi kukakamira. Wopita ku Australia amayenera kugula kampasi yopangidwira kumeneko. Dzuwa nalo limasokoneza: ku Ulaya masana limakhala chakum'mwera, ku Bendigo limakhala chakumpoto. Msodzi amene anazolowera kubwerera kudooko poyang'ana phiri lakwawo angamvetse m'mene zimakhalira chizindikiro chimene umachidalira osaganiza n'komwe chikakutembenukira.

Kwa ife a kuno, maulendo athu ambiri aatali ndi opita kum'mwera kapena kumpoto, ndipo amenewa sasokoneza wotchi ya m'thupi. Nthawi ya ku Johannesburg ndi yofanana ndi yathu, ndipo ya ku Makka ili patsogolo ndi ola limodzi lokha. Chimene chimatigwira ndi kutopa ndi kutupa kwa miyendo, ndipo pachipata cha Mwanza kapena Beitbridge ndi bwino kutsika ndi kuyendayenda kusiyana ndi kusunga mpando. Koma ngati mwendo umodzi wokha watupa, ukupweteka ndi kutentha, kapena munthu wayamba kubanika ndi kumva kupweteka pachifuwa masiku otsatira ulendo, asautikite mwendowo ndipo asayese kuuwongola pothamanga. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, akanene kuti wachokera paulendo wautali.

Chotsala ndi matenda. A Martin Schwellnus, amene panthawiyo anali pa yunivesite ya Cape Town, ndi anzawo anatsatira osewera rugby pa mpikisano wa Super 14 wa mu 2010, ndipo anapeza kuti osewerawo akapita kudziko losiyana nthawi ndi kwawo ndi maola oposa asanu ankadwala kawiri kapena katatu kuposa ali kwawo, makamaka chimfine, chifuwa ndi m'mimba. Chodabwitsa n'chakuti pobwerera kwawo, atakhala m'ndege maola omwewo, matendawo sanachuluke. Ofufuzawo anaona kuti mwina chodwalitsa si ndege ayi, koma za kumalo achilendoko, monga chakudya, nyengo, mpweya ndi tizilombo timene thupi silinakumanepo nato.