Takisi yobwezera: n'chifukwa chiyani timaiombera m'manja?

Mtsikana wina waima pamlatho usiku, maso ali pamadzi. Dzina lake ndi Kang Maria. Ndi mwana wamasiye, ali ndi ulumali wa m'maganizo, ndipo wakhala akugwiritsidwa ntchito ngati kapolo pafakitale yothira mchere nsomba. Adayesapo kuthawa, koma wapolisi amene akadamuteteza ndiye adamubweza m'manja mwa omuzunza. Tsopano akuona kuti palibenso chomwe angakhalire ndi moyo. Asanadziponye, maso ake agwera pa kapepala komatidwa pamlathopo. Kapepalako kakumuuza kuti asafe, koma abwezere, ndipo alipo anthu amene amubwezerere. Pansi pake pali nambala ya foni. Posakhalitsa, takisi yakuda yaima pafupi naye.

Iyi ndi imodzi mwa nkhani zoyambirira za Taxi Driver, sewero la pa wailesi ya kanema ya SBS ya ku South Korea, lomwe lidachokera m'nthano yazithunzi ya paintaneti. Chigawo choyamba, cha ndime 16, chidaonetsedwa mu 2021. Chachiwiri chidatsatira mu 2023 ndipo chachitatu chidayamba mu Novembala 2025. Mwini nkhani ndi Kim Do-gi, yemwe kale adali msilikali wa gulu lapadera ndipo mayi ake adaphedwa ndi chigawenga. Mbali imeneyi amasewera ndi Lee Je-hoon. Pamaso pa anthu, Do-gi ndi dalaivala chabe wa kampani ya Rainbow Taxi. Koma pansi pa nyumba ya kampaniyo pali chipinda chobisika kumene iye ndi anzake amakonza zolanga anthu amene lamulo lalephera kuwagwira.

Aliyense amene waonera ndime zingapo amazindikira msanga kuti sewerolo limayenda m'njira imodzimodzi, ngati nthano za agogo zomwe mwana amadziwa mathero ake koma amapemphabe kuti amufotokozerenso. Zimene zimabwerezedwazo si zangozi. M'menemo ndi momwe muli phunziro lake, ndipo ndi bwino tizione chimodzichimodzi.

Choyamba chimene sichisowa ndi khomo lotsekedwa. Palibe amene amaimbira Rainbow Taxi asanagogode kwina. Mwana wasukulu wovutitsidwa ndi anzake amapeza kuti akuluakulu amene akadamuteteza sakumuthandiza. Wogwira ntchito amene abwana ake amamumenya amapeza kuti abwanawo ali ndi maloya ndi ndalama. Nkhalamba yoberedwa ndi akathyali a pafoni imatsala ndi manyazi okha. Kawirikawiri wolakwa amakhala munthu wolemekezeka, wopereka zachifundo pamaso pa anthu, woti ukamuneneza anthu amaseka iwe. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo makoswe onse a m'seweroli adakhala pamkhate.

Anthu a ku Korea sadavutike kukhulupirira zimenezi chifukwa nkhani zambiri zidatengera milandu yeniyeni imene adaiwerenga m'nyuzipepala. Nkhani ya Maria imakumbutsa zimene zidaululika mu 2014 kuzilumba za Sinan, kumene anthu aulumali adapezeka akugwira ntchito yopanga mchere popanda malipiro. Bwana wankhanza wa kampani ya makompyuta amafanana ndi Yang Jin-ho, yemwe kanema womuonetsa akumenya mbama munthu amene adagwirapo ntchito pakampani yake adafalikira mu 2018. Sewerolo limayamba ndi kutulutsidwa m'ndende kwa munthu wogwirira mwana, ndipo lidaonetsedwa patangopita miyezi yochepa Cho Doo-soon atatuluka mu Disembala 2020. Iyeyu adakhala m'ndende zaka 12 zokha, khoti litachepetsa chilango ponena kuti adapalamula ataledzera. Malo achisangalalo a Black Sun m'chigawo chachiwiri ndi chithunzithunzi cha mlandu wa Burning Sun wa mu 2019. Woonera wa ku Seoul sankaona nthano chabe. Ankaona mabala a dziko lake, koma ulendo uno wolakwa akulandira zomuyenera.

Chachiwiri ndi chimene ambiri sachilabadira chifukwa mulibe nkhonya. Wozunzidwa akalowa m'takisi muja, dalaivala samufunsa umboni kapena ndalama. Amamupempha kuti afotokoze zimene zidamuchitikira, ndipo mawu ake amajambulidwa. Kwa nthawi yoyamba munthu uja amalankhula mpaka kumaliza popanda womudula pakamwa. Kenaka amamutengera ku makina akale a masewera a pakanema, kumene amasankha yekha podina batani ngati akufuna kuti amubwezerere kapena ayi. Taganizani, okondedwa awerengi: munthu amene moyo wake wonse ena ndiwo ankamusankhira, lero akufunsidwa maganizo ake. Ndime zimenezi ndi zimene zimagwetsa misozi, kuposa zonse za magalimoto othamangitsana.

Chachitatu ndi kuvala nkhope ya eni. Do-gi salowa pakhomo la mdani atanyamula chibonga. Amalowa ngati mphunzitsi woyembekezera, ngati wogwira ntchito watsopano wogonjera, ngati wamalonda wachuma wofuna kuchita nawo katangale. Kumbuyo kwake kuli Ahn Go-eun, katswiri wa makompyuta amene amamulondolera kudzera m'kachipangizo ka m'khutu, ndi amakaniko awiri, Choi ndi Park, amene ntchito yawo ina ndi kuseketsa oonera mitima ikalemedwa. Msampha umene amatchera nthawi zambiri nyambo yake imakhala dyera la wolakwayo. Wakuba amaberedwa, wonyenga amanyengedwa, ndipo mtsogoleri wa chipembedzo chonyenga m'chigawo chachiwiri, amene ankadyera odwala masuku pamutu powalonjeza machiritso, amagwidwa ndi mantha omwe ankaopsezera nawo ena. Choipa chitsata mwini.

Chinanso chobwerezedwa n'chakuti obwezerawo nawonso ndi ovulala. Jang Sung-chul, mkulu wa gululo, makolo ake adaphedwa, ndipo masana amayendetsa bungwe lothandiza anthu ozunzidwa ndi zigawenga. Go-eun adataya mkulu wake, yemwe adadzipha kanema wake wachinsinsi atafalitsidwa paintaneti. Do-gi, mwamuna wogwetsa anthu khumi yekha, amafooka n'kugwa akangomva kulira kwa wezulo, chifukwa kumamukumbutsa imfa ya mayi ake. Onsewa si apachibale, koma amadyera pamodzi ndi kusamalana ngati banja. Apa sewerolo limanena zoona zimene woonera wofulumira angaziphonye. Do-gi walanga anthu ambiri, komabe wezulo ikalira amagwa. Kulanga ena sikudachotse chimene chili mumtima mwake.

Ndipo sewerolo silibisa mtengo wa njira imeneyi. M'chigawo choyamba, anthu amene gululo lawagwira limawapereka kwa Baek Sung-mi, mayi wakatapila amene ali ndi ndende yake yamseri. Jang amadziuza kuti akuchotsa zoipa pakati pa anthu ndi kuti akaidiwo adzasintha. Koma pambuyo pake zimadziwika kuti mayiyo akugulitsa ziwalo za akaidiwo, ndipo akaidi ena atamasulidwa amatembenukira gulu lomwe lidawagwira. Anthu amene adayamba ndi chifundo adapezeka akudyetsa chilombo choposa zimene ankasaka. Ndende yopanda woweruza, yopanda mboni, yopanda tsiku lotulukira, siikhala ya chilungamo ngakhale mwini makiyi atakhala ndi mtima wabwino.

N'chifukwa chake olemba adaikamo Kang Ha-na, loya woimira boma pamilandu, amene amasaka gululo pokhulupirira kuti chilango n'cha khoti basi. Mkangano wake ndi Do-gi ndiwo msana wa chigawo choyamba. Iye amafunsa kuti, kodi mukalakwitsa munthu, adzakuimbani mlandu ndani? Do-gi naye amafunsa kuti, nanga Maria akadadikira mpaka liti? Mnzake wapantchito ataphedwa, Ha-na yemweyo amagwedezeka n'kuyamba kulakalaka chimene ankachitsutsa. Palibe amene amapambana mkanganowu kotheratu. Kumapeto kwa chigawocho kuli nkhani ya munthu amene adakhala m'ndende zaka zambiri pa mlandu wakupha umene sadapalamule. Izinso zidachitikadi: pa milandu ya ku Hwaseong, munthu wina adakhala m'ndende zaka 20 ndipo khoti lidamuyeretsa mu 2020, Lee Choon-jae ataulula kuti ndiye adapha. Ngati khoti, lokhala ndi malamulo ndi mboni, lingalakwitse chonchi, kuli bwanji anthu asanu a m'chipinda chapansi?

Funso limeneli si lachilendo kwa owerenga Baibulo. M'kalata yake kwa Aroma, pa mutu 12, Paulo amaletsa okhulupirira kudzibwezerera okha, ndipo pa mutu wotsatira amaika udindo wolanga ochita zoipa m'manja mwa olamulira. Ziwirizi zimayendera limodzi. Munthu amatha kuleza mtima ngati akudziwa kuti mlandu suola ndipo alipo amene adzauzenge. Taxi Driver ikuonetsa zimene zimachitika amene adapatsidwa udindowo akagona kapena akagulidwa: ozunzidwa amayamba kulota za takisi yakuda. Kutchuka kwa seweroli, lomwe ndime yomaliza ya chigawo chachiwiri idaonedwa ndi nyumba imodzi mwa zisanu zilizonse zowerengedwa ku Korea, ndi chenjezo kwa aliyense wokhala pampando woweruza, kaya ndi m'khoti, kusukulu, kuntchito, mumpingo kapena pakhomo.

Seweroli lili ndi nkhanza zosayenera ana aang'ono, ndipo makolo achite mwanzeru. Koma ngati mukuonera ndi achinyamata, musathere pa kuomba m'manja wolakwa akagwa. Afunseni kuti wozunzidwayo adagogoda makomo angati asanaimbe foni ija, ndipo ndani akadamutsegulira. Pafupifupi m'nkhani iliyonse mumakhala munthu amene adaona koma adakhala chete: mnzake wa m'kalasi, woyandikana naye nyumba, wogwira naye ntchito. Ambiri a ife sitifanana ndi Do-gi, ndipo sitifanana ndi zigawengazo. Timafanana ndi munthu ameneyo.

Kunja kuno kulibe takisi yakuda imene idzaime pamlatho. Amene alipo ndi inu ndi ine, ndipo ntchito yoyamba ya dalaivala uja tingaithe tonse popanda kukweza mkono: kuima, kutsegula chitseko, ndi kumva nkhani ya munthu mpaka aimalize. Tikamva, timuperekeze kwa oyenera, ndipo tisatope kugogoda naye limodzi.