Minda ya masitepe ya ku Konso yasunga nthaka zaka 400

Mlimi wa m'phiri amadziwa kuwawa kwake mvula ikakokolola nthaka n'kumusiyira miyala yokhayokha. Koma alimi a ku Konso, kum'mwera kwa dziko la Ethiopia, akhala akutchinjiriza minda yao ndi miyala yomweyo kwa zaka zoposa 400.

Kamangidwe kake n'kotere: amakumba mopingasa phiri mpaka atapeza polimba, n'kuyalapo miyala ikuluikulu, ing'onoing'ono pamwamba, popanda simenti. Kuseri kwa khomalo, lomwe pena limatalika mamita 5, amathirako dothi mpaka pakhale sitepe yathyathyathya. Madzi amalowa pansi m'malo mothamanga, ndipo otsala amatulukira m'mipata ya miyala osagwetsa khoma. Pamasitepepo amalimapo mapira, nandolo, thonje ndi mtundu wina wa cham'mwamba, akumathira manyowa a ziweto.

Mu 2011 bungwe la UNESCO lidaika malowa pam'ndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Kwathu kuno, alimi adadana ndi milambala ya "malimidwe" m'zaka za m'ma 1950 chifukwa atsamunda ankawakakamiza ndi chindapusa ndi ndende. Ku Konso khoma likagumuka, eni ake amalikonza okha mothandizana, monga timachitira pa dima.

Tsono chilimwe chino, miyala ya m'munda mwanu musangoiunjika pambali. Iyaleni mopingasa phiri, motsata akalozera.