Kachidutswa kakagwa pa piyano, musakataye

Mwezi watha ndinaitanidwa ku tchalitchi china kwa Lukwa kukaona piyano yakalekale. Makiyi atatu anali atasupuka, thabwa lili poyera. Mkulu wa mpingo anati, "Amisiri, kachidutswa kamodzi tinamata ndi supaguluu, tiwiri ana anasesa." Ndinangogwira pakamwa.

Ambiri sadziwa kuti zoyera za pa piyano zakale ndi mnyanga wa njovu. Piyano ili ndi makiyi 88, ndipo 52 mwa iwo ndi oyera. Kiyi ndi thabwa chabe, mnyanga ndi chovala chake chopyapyala, kawirikawiri cha zidutswa ziwiri: cha kutsogolo kumene chala chimagunda, ndi chachitali cholowa pakati pa makiyi akuda. Mukaona kamzere polumikizira, ndi timizere tonga ta pa chikhadabo, dziwani kuti si pulasitiki.

Alimi a bale amvetsa msanga. Fodya m'chigafa amafewa kukachita chinyezi, dzuwa likaswa mtengo amakhirichika. Mnyanga nawo umamva nyengo. Kutentha kwa Okutobala kukatsatana ndi mvula, umapindika, guluu wakale n'kutaya mtima.

Pokonza ndimapala guluu yense wakale mpaka thabwa liyere. Kenako ndimaika kansalu koyera konyika mu guluu wa zikopa, chifukwa mnyanga umaonetsa za pansi pake, ndipo mukaumata pa thabwa lenilenilo umaoneka wakuda ngati dzino lowola. Ndimapana ndi kachitsulo kofunditsa, n'kusiya usiku wonse. Guluu wa zikopa ndimamukonda popeza amamvera madzi ofunda, mmisiri wobwera pambuyo panga adzamatula osaswa kanthu. Supaguluu alibe chisoni. Akagwira mokhota, wagwira.

Nanga tiwiri tinasesedwa tija? Wina pamenepo ananong'ona kuti paki ya nyama zakutchire ili pafupi, kumene njovu 263 zinabwera kuchokera ku Liwonde mu 2022. Ndinamuuza kuti asabwerezenso. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989, ndipo lamulo lathu la nyama zakutchire, chilikonzereni mu 2017, limafika zaka 30 kundende. Ine ndinaikapo pulasitiki. Chala cha woimba chimamva kusiyana pang'ono, makamaka chikachita thukuta, koma khutu la mpingo silimva kanthu, chifukwa mawu amachokera ku nsambo za m'kati.

Inu osamala za m'tchalitchi, piyano ichotseni pa windo, ndipo kachidutswa kakagwa kaikeni mu envulopu, mulembepo kiyi imene kachokera.